Thandizeni abale, Altezza RS200 kapena AS200? Ndili ndi mpaka Lachisanu

Bambo a Tadala: Moni nonse a pagulu pano. Ine ndimangowerenga sindilembalemba koma lero zandivuta, tulo sitikubwera. Kontrakiti yanga kuntchito inatha ndiye anatipatsa kagratuwite, ndaphatikiza ndi ndalama ya Passo yanga yomwe ndinagulitsa. Passo imeneyo sindimafuna kugulitsa ayi, mlamu wanga anabwereka kuti akatenge chimanga ku Mitundu, pobweza bampala atamanga ndi waya, fungo la nkhuku mkati monse, kupepesa ayi, mpaka pano tikakumana amayamba nkhani za mpira ngati palibe chinachitika ndipo madam akuti ndisamaitchule nkhaniyi poti ndi achimwene awo. Madam omwewo akufuna Sienta ati ana akukula, koma ine Toyota Altezza ndinayamba kuilota ndili ku sekondale, mamita ake aja opangidwa ngati wotchi yapamkono ndikawaona mtima umagunda. Kuntchito kwakale kunali mnyamata wina amandiseka kuti Passo ndi ya amayi a kutchalitchi, zinkandipweteka kwambiri olo sindinkaonetsa. Tsono ndapeza ziwiri. RS200 yakuda ya 2001 ili konkuno ku Lilongwe ku Area 25, AS200 yasiliva ya 2003 ili ku Blantyre ku Chirimba, iyi ndangoona zithunzi pa WhatsApp. Mwini wa RS akuti Lachisanu kukubwera munthu wa ku Mzuzu ndi kashi. Landilodi nayenso wakweza renti mwezi uno. Nditenge iti abale? Chonde musanditukwane ndili siliyasi.

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene RS yo ndi manual kapena automatic? Yambani mwayankha apa kaye, chifukwa ndi galimoto ziwiri zosiyana.

Mfumu ya BEAMS: FUNSO LAKE NDI LITI APA?? RS200 BASI. Amene akuuzeni AS200 sanagwirepo chiwongolero cha RS. Injini ya RS ndi 3S-GE BEAMS ya black top, mutu wake anathandizana ndi a Yamaha, dual VVT-i, ya manual ili ndi magiya 6 ndipo imatulutsa mahatchi 210 pa 7600 rpm popanda turbo. AS200 ndi 1G-FE, mahatchi 160 basi, injini ya Mark II ya amalume anu. Mukufuna Altezza kapena mukufuna Cresta yovala suti ya Altezza?

Mai a Chisomo: Bambo a Tadala pepani ndilankhula ngati mlongo wanu. Mwanena nokha kuti kontrakiti yatha, renti yakwera, ana akukula. Ntchito ina mwaipeza? Mayi a kunyumba sakulakwa ayi. Amuna anga anagula galimoto ya zitseko ziwiri nthawi ina, pa maliro a apongozi ku Ntcheu tinachita kukwera minibasi ine ndi ana iwo ali patsogolo ndi mnzawo, mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

Mfumu ya BEAMS: Mayi Altezza ili ndi zitseko 4, musatibweretsere mavuto a m'banja mwanu pano.

Mai a Chisomo: Ulemu pang'ono bambo, sindine mnzanu wa ku bawo.

Jah Kabaza: kkkkkk akulu mlamu anakuphwanyirani Passo ndiye mukuganiza Altezza aisiya? Imeneyo akapita nayo ku Mitundu akabweza chiwongolero chokha

Wa ku Chilomoni: Ine ndinali ndi AS200, injini ya masilinda 6 ija imalira mokoma, siinjenjemera, Blantyre Lilongwe kudzera Zalewa umafika osatopa. Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona. Ndikuchokera ku Lilongwe madzulo, nditangodutsa Linthipe ndinamva kuti gwa! teyala lakutsogolo kumanja linapindikira mkati, galimoto kukhuma pansi, mwayi ndinali nditachepetsa liwiro chifukwa cha thiraki inali kutsogolo. Ball joint yapansi, chitsulo cholumikiza teyala ku mwendo wa galimoto, inazuka. Ndinagona pamsewu ndi mwana wa mchemwali wanga, udzudzu, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, wa breakdown anandidula mtengo woti sindingautchule pano. Chomwe chimandiwawa n'choti sabata yomweyo ndinali nditaipititsa ku galaja ina ati aona zonse zili bwino. Anthu alibe chisoni.

Mfumu ya BEAMS: Mwaonatu AS200 imeneyo

Wa ku Chilomoni: Ball joint ndi imodzimodzi pa RS ndi AS bwana, musamangolankhula.

Makaniko wa ku Biwi: Zoona, miyendo yakutsogolo n'chimodzimodzi. Iliyonse mungagule sinthani ma ball joint apansi tsiku lomwelo ndipo gulani enieni osati aja otchipa a m'mabokosi opanda dzina. Koma Bambo a Tadala giyaboksi ija simunayankhe.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse. Mai a Chisomo ntchito ndikuyembekezera, anandiitana intavyu ku kampani ina ku Kanengo ndipo zinayenda bwino. Za mlamu uja sadzaigwiranso galimoto yanga, makiyi ndizigona nawo. Madam ndawauza kuti Sienta tidzagula chaka chamawa sanandiyankhe angotseka chitseko. RS yo ili ndi marimu a 17 okongola kwabasi ndi sipika yaikulu kubuti.

Che Wadi: Inu nonse mukukamba za mahatchi, mafuta muwapeza kuti? Mwaiwala mizere ija tinkagona pa filling station ndi zigubu? Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, sipeya, oyilo, mateyala. Ine ndinagulitsa Mark X ndinagula Mira ndipo ndimagona tulo tabwino. Munthu wanzeru panopa akugula ka 660cc basi.

Mfumu ya BEAMS: Che Wadi post iliyonse Mira Mira Mira, munthu akafunsa za thirakitala mudzamuuzanso Mira. Zonsezi ndi 2 litre, RS ndi 1998cc AS ndi 1988cc, ndiye musanamize munthu kuti AS ndiyosunga mafuta, masilinda 6 ndi automatic ya magiya 4 imamwanso bwinobwino. Kumwa kwa RS kuli kuphazi kwako. Ukamaiponda mpaka 7000 pa robot iliyonse usadandaule.

Che Wadi: Nanga munthu angagule RS kuti aziyenda 40? Aziiponda basi ndipo azilira.

Mlongo wa ku Joni: Kuno ku Johannesburg imeneyi timaidziwa ngati Lexus IS200, ndi yomweyo ya 1G-FE masilinda 6. Ya 3S ija kuno simuiona wamba chifukwa inali ya msika wa ku Japan. Ndiye sipeya za AS mutha kuitanitsa kuno pa basi zimafika, za injini ya RS ndiye muzidikira za ku Japan kapena ku Dar. Ine ndingonena zimenezo. Koma anthu akumudzi mukatituma sipeya muzitumiza ndalama yonse, ine wina anandisiya ndi radiator m'nyumba chaka chatha mpaka pano foni sayankha.

Mfumu ya BEAMS: SIPEYA ZA RS ZILIPO. Amene amati kulibe ndi aulesi ofuna kupeza chilichonse pa Devil Street. Ine yanga ndakhala nayo zaka, chomwe ndasintha ndi clutch ndi ma coil basi. Galimoto imeneyi inawina Car of the Year ku Japan 1998 mpaka 1999, simukuidziwa inu.

Wa ku Chilomoni: Inawina ndi Altezza, osati RS yokha. Ndipo mwezi wathawu si inu munalemba pagulu pompano kufunafuna airflow sensor ya 3S mpaka kupempha a ku Chipata?

Mfumu ya BEAMS: Inali ya mnzanga imeneyo

Jah Kabaza: kkkkkkk mnzake uja dzina lake Mfumu ya BEAMS

Makaniko wa ku Biwi: Tiyeni timuthandize munthuyu. Ndafunsa za giyaboksi chifukwa RS ya automatic si 210 ayi ndi 200, magiya 5, ndipo injini ya 3S mphamvu zake zili kumtunda, pansi ndiyofooka, ndiye pa automatic mu jam ya pa Mchesi simumva kusiyana kwenikweni ndi AS koma sipeya mukulipira za RS. Ngati ndi manual apo nkhani ndi ina, ndiyokoma zedi, koma yesani giya 2 ndi 3 ngati sizikukhadzula mukamasintha mwachangu, anyamata amazizunza galimoto zimenezi. 1G-FE ili mu Mark II, Chaser ndi Cresta za GX100, kuno ku Biwi half cut yake (theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa, lokhala ndi injini) sitisowa ndipo mwana aliyense wa pa galaja amaidziwa. 3S ya BEAMS compression yake ndi yokwera, imafuna petulo wabwino ndi oyilo wabwino nthawi yake, mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu ayi ndithu.

Abusa a Gulu: Mwana wanga pemphera kaye usanapereke ndalama. Chinthu chothamangitsidwa ndi Lachisanu sichikhala ndi mtendere. Komanso ukhululukire mlamu wako.

Dalaivala wa Songwe: Nkhani ya munthu wa ku Mzuzu akubwera ndi kashi ija tonse timainena tikamagulitsa kkk, ku Mzuzu kukanakhala anthu ogula chonchi bwenzi kulibe malo oimika. Ine ndimatenga galimoto ku Dar kudzera Kasumulu ndi Songwe, Altezza anasiya kupanga 2005 ndiye iliyonse yapitirira zaka 12 kalekale, msonkho wake ukaitanitsa umakhala wa gulu lokwera. N'chifukwa chake zambiri zomwe zikugulitsidwa ndi zozungulira momwemuno, yadutsa m'manja mwa anthu asanu, ma kilomita pa dashboard musawakhulupirire. Onani mapedo ndi mpando wa dalaivala mmene zathera.

Nachisale: Ine za injini sindidziwa koma bluebook mwaiona? Mchimwene wanga anagula galimoto kwa munthu wooneka bwinobwino wa tayi, anampatsa fotokope ati original ili kwa loya, patapita miyezi kunabwera anthu a katapila ndi apolisi kudzaitenga pakhomo ana akuona, kunapezeka kuti mwini wake anaikweretsa pa ngongole. Ndalama sinabwerere, mkuluyo anadwala BP mpaka kugonekedwa. Pitani naye wogulitsayo ku Road Traffic mukasinthe umwini limodzi, akakana thawani.

Bambo a Tadala: A Nachisale bluebook akuti ili m'dzina la msuweni wake amene ali ku Cape Town koma akuti palibe vuto alemba kalata. Mnyamatayo ndi waulemu kwambiri anandigulira Fanta. Koma abale madam apita kwa mayi awo ku Likuni ndi ana ati akabwera Lamlungu, mwina ndi nkhani yomweyi kaya. Ya ku Blantyre ija mwini wake ndi bambo wachikulire wopuma pantchito koma amachedwa kuyankha mameseji ndiye zimandikayikitsa.

Nachisale: Eeeh msuweni wa ku Cape Town?? Bambo inu imani kaye.

Dalaivala wa Songwe: Wochedwa kuyankha ndi amene sakukuthamangitsani, mukukayikira wolakwika akulu.

Mfumu ya BEAMS: Mapepala amakonzeka, za ziii. RS yakuda ya 17 inch simuipezanso. Mukagula AS mudzakhala mukuyang'ana RS iliyonse ikudutsa mtima ukuwawa, ndaona anthu ambiri amagula AS kenako kumata baji ya RS200 kumbuyo, manyazi ake. Bambo a Tadala munalota Altezza muli mwana, munalota ya 160? Ndiyankheni. Madam akwiya sabata imodzi akakwera kutsogolo muwapititse ku Salima kunyanja aiwala Sienta.

Mai a Chisomo: Inu ndi amene mumapasula mabanja a anzanu. Mkazi wapita kwawo inu mukuti Salima.

Mfumu ya BEAMS: Mayi pitani ku gulu la maphikidwe

Admin 2: A Mfumu ya BEAMS chenjezo loyamba, kunyoza amayi pagulu pano ayi. Ndipo amene mukuika malonda a mateyala pansi pa post ino ndikufufuta.

Makaniko wa ku Biwi: Pa baji paja a Mfumu anena zoona olo amalankhula mokalipa. Tsegulani boneti muwerenge kachitsulo ka chassis, RS imayamba ndi SXE10, AS ndi GXE10, ndipo nambala imeneyo ifanane ndi ya pa bluebook komanso pa disiki ya COF. Ndinalandirapo SXE10 mkati muli injini ya 3S-FE ya Noah, mwini wake osadziwa. Zonse ziwiri ndi za timing belt osati tcheni, imasinthidwa pa 100,000 km, ngati palibe umboni woti anasintha muwerengere ndalama ya lamba, tensioner ndi water pump pa mtengo. Muiwone m'mawa injini isanalizidwe, utsi wabuluu ukatuluka siyani. Komanso kwanu msewu ndi wotani? Galimotoyi ndiyotsika ndipo imakoka ndi kumbuyo, matope a dzinja ndi marimu a 17 muzingowongola marimu.

Mnyamata wa Subaru: Onjezerani pang'ono mugule Legacy B4 muone four wheel drive, Altezza pamvula imavina

Mfumu ya BEAMS: A SUBARU MWABWERANSO. Kambani kaye za head gasket. Tikumane pa bypass Lamlungu m'mawa tione amene avine

Admin 2: Mipikisano ya pamsewu musakonzere pagulu pano, anthu akufa pa bypass po.

Bambo a Tadala: Pepani ndinali ku tauni foni inathima. Kwathu ndi ku Area 36 kumunsi kwenikweni, tara palibe koma anthu amadutsa. Mnyamata wa RS wandiimbira akuti ndipereke theka mawa kuti amuuze wa ku Mzuzu asabwere. Mlamu uja wamva kale nkhaniyi kaya wamuuza ndani, wanditumizira meseji ati congrats.

Nachisale: Musapereke olo 1 tambala bluebook yeniyeni musanaigwire m'manja chonde.

Makaniko wa ku Biwi: Mawa ndili free 7 koloko, ndilembereni ku inbox tipitire limodzi ku 25 ndi jeke, mungondigulira mafuta a njinga. Mumuuze asailize tisanafike.

Che Wadi: Theka la ndalama imeneyo ndi Mira yathunthu ya mapepala ake