Zatheka: kudziwa ngati job ya batch yatha pa AS/400

Sabata yatha ndinafunsa mmene ndingadziwire kuti job ya batch (ntchito imene kompyuta imagwira payokha) imene ndatumiza ndi lamulo la SBMJOB pa IBM i yathu (kompyuta ya IBM imene ambiri amaitchabe AS/400) yatha. Zikomo nonse amene munandiyankha, zatheka.

Ndinkangodalira WRKACTJOB, lamulo loonetsa ma job amene akugwira, job ikapanda kuoneka n'kumati basi yatha. Ayi ndithu! Nthawi zina imakhala isanayambe n'komwe, ili pamzere. WRKSBMJOB, lamulo loonetsa ma job amene watumiza, ndiye imanena zoona: ikalemba JOBQ ndiye kuti job ikudikira, ACTIVE ikugwira, OUTQ yatha. Koma OUTQ sikutanthauza kuti yatha bwino, apa mpamene ndinkapusitsika. Tsopano ndimayang'ana nambala za mauthenga ndi lamulo la DSPMSG: CPF1241 ndiye kuti yatha bwinobwino, CPF1240 yafera m'njira.

Job yathu ya malipiro, imene inandisowetsa tulo, inali pa MSGW usiku wonse, kutanthauza kuti inkadikira munthu woti ayankhe uthenga.