Buku la Thanksgiving la $35, ndigule?

NaBanda_Indiana: Abale, chaka chino Thanksgiving, phwando lija lothokoza la ku America kuno, ichitikira kwathu ndipo akuchimuna onse akubwera. Nkhukundembo sindinaphikepo chibadwire. Ndaona buku la $35, muli maphikidwe, ndandanda wa zogula komanso mbiri ya tsikuli. Ndigule?

Mayi a Tadala: Musayerekeze asisi! Chaka chatha ndinapatsa $49 munthu wina wa pa intaneti, ati pulani yonse. Kunabwera ka PDF ka zithunzi zokhazokha. Sanalembemo n'komwe kuti nkhukundembo youma gwa imafuna tsiku lathunthu mufiriji pa mapaundi 4 kapena 5 aliwonse kuti isungunuke. Yanga ya mapaundi 16 ndinaitulutsa Lachitatu usiku. Lachinayi masana mkati ayezi ali mbwee, alendo n'kumangodya mbatatesi yokanya ndi cranberry. Ndalama zanga mpaka lero zii.

Che Jafali: Mabuku ndi a ophunzira. Ine ndimaikazinga m'mafuta panja, ola lisanakwane yapsa. Azungu a pamzere wathu amachita kundipempha.

Mayi a Tadala: Tsiku lina mudzayatsa nyumba ya eni ake, Che Jafali.

Kondwani_TX: $35 yachani? Kulaibulale mabuku otere amabwereketsa ulere. Komanso Butterball, kampani yogulitsa nkhukundembo, ili ndi nambala yoimba yaulere kuyambira 1981, mumafunsa chilichonse chokhudza nkhukundembo. Gulani thermometer basi, mubaye pantchafu, ikafika 165°F mwamaliza.

Gogo wa Yami: Bukulo ndinaliona pa $18.

NaBanda_Indiana: Kuti? Ine ndikuona $35 paliponse.

Gogo wa Yami: Kaya mwina linali lina kkkk

Aphiri_Seattle: Mbiri ndikupatsani ulere. 1621 ku Plymouth ku America kuno, atsamunda ochokera ku England anadya phwando la zokolola ndi a Wampanoag, eni nthaka a kumeneko. Pulezidenti Lincoln analengeza kuti likhale tsiku la dziko lonse mu 1863. Limakhala pa 25 Novembala.

Kondwani_TX: Ayi Aphiri, ndi Lachinayi la nambala 4 mu Novembala, deti limasinthasintha. Ku Canada amadya mu Okutobala.

Aphiri_Seattle: Chaka china linali pa 25.

Alamu Anu: Nkhuku zitatu, nsima, nkhwani wotendera. Nyama ya nkhukundembo njouma ngati chiguduli, musavutike nayo.

NaBanda_Indiana: Apongozi anga ndi a ku Ohio alamu, popanda stuffing (zoika mkati mwa nkhukundembo) ndi pumpkin pie (keke ya maungu) andiona bwanji? Ndiye ndigule kapena ayi?

Che Jafali: Tifike nthawi yanji?