Inshuwalansi ya paipi ya madzi ya panja kuno ku UK: n'kuwononga ndalama kapena ayi?

Nachisale_Leeds: Abale omwe mwagula nyumba kuno ku England, makalata aja amabwera okopa anthu kuti alembetse inshuwalansi ya paipi yobweretsa madzi m'nyumba, ili ndi phindu? Akuti paipi ikaphulika pansi amadzakonza okha. Nyumba ndi ya m'ma 1960.

Mfiti-za-mapaipi: Achemwali, yambani mwadziwa kaye kuti paipi yanu ndi iti. Kuchokera pa paipi yaikulu ya mumsewu kufika m'malire a pulote, ndi ya kampani ya madzi. Kuchokera m'malire, pomwe pali kachivundikiro ka stop tap (chotsekera madzi) yapanja, kufika pa stop tap ya m'nyumba, ndi yanu. Ngakhale mita itakhala m'khitchini, paipi ya pabwalo ndi yanube. Ambiri amasokonezeka apa chifukwa kwathu timaona mita basi: kuseri kwa mita ndi kwa Water Board, kuno ndi kwako. Ikamadontha inu osakonza, kampani ili ndi mphamvu pa Water Industry Act ya 1991 kukutumizirani chikalata, kudzakonza yokha, kenako kukutumizirani bilu.

Chikondi77: Kuba koonekeratu. Chaka choyamba amakutsitsirani mtengo mpaka paundi imodzi pamwezi, chachiwiri ikwera mwakachetechete, ndalama zikungochoka ku banki. Ukadzaimba foni amvekere vuto linalipo kale musanalembetse. Kumbukirani kuti mu 2014 FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, inalipiritsa HomeServe, kampani yogulitsa inshuwalansi yotereyi, chindapusa choposa mapaundi 30 miliyoni chifukwa cha kagulitsidwe ka mapolise (mapangano a inshuwalansi). Osalembetsa.

Bambo_a_Tadala: Paundi imodzi yake iti? Kulibe yotsika choncho masiku ano.

Chikondi77: Ilipo, werengani kalatayo bwino. Nkhani ndi ya chaka chachiwiri.

Mfiti-za-mapaipi: Za 2014 ndi zakale. Chofunika ndi zomwe zalembedwa mu polise yomwe ili m'manja mwanu. Onani zinthu izi: excess (ndalama zomwe mumalipirako nokha) ndi zingati pa ulendo uliwonse, malire a ndalama pa claim (pempho loti akulipirireni) imodzi, komanso masiku oyambirira omwe simungapemphe thandizo, ambiri amaika pafupifupi mwezi. Koma chachikulu n'chakuti akadzabwera adzakonza pomwe padontha pokha kapena adzasintha paipi yonse? Pa nyumba ya m'ma 1960 funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa nyumba zambiri zomangidwa 1970 isanafike zili ndi paipi ya mtovu kapena yachitsulo. Paipi yotere ukaimata apa, imakabooka patsogolo. Ndipo kusintha paipi chabe chifukwa ndi ya mtovu, pomwe sikudontha, mapolise ambiri salipira. Kuti mudziwe, palani pang'ono paipi yolowa pansi pa sinki: ikakhala yotuwa, yofewa, n'kuwala ngati siliva mukapala, ndi mtovu.

Gogo_wa_ku_Luton: Mwana wanga, musanalipire kawiri tsegulani buildings insurance yanu, inshuwalansi ya nyumba ija. Ambiri amaikamo kuwonongeka mwangozi kwa mapaipi a pansi, ena amaikamonso trace and access, yolipira kufufuza pomwe padontha ndi kubwezeretsa pomwe aswa. Chomwe salipira ndi paipi yotha ndi ukalamba. Muimbenso ku kampani yanu ya madzi. Ena amathandiza pa kukonza koyamba, ena ayi, koma ambiri amachotsako pa bilu madzi otayika mukakonza msanga.

Bambo_a_Tadala: Anthu mukuopa chiyani? Paipi yatsopano ndi ya buluu ija, yapulasitiki ya MDPE ya mamilimita 25, kugula kwake n'kotchipa. Kumbani ngalande yakuya masentimita 75 kapena kuposa, koma isapitirire mamita 1.35, thirani mchenga pansi kuti miyala isaboole, polowera m'nyumba ikani m'paipi ina yaikulu ndi chofunda kuopa kuzizira. Amene anakumbapo dzenje la chimbudzi kumudzi, imeneyi si ntchito.

Mfiti-za-mapaipi: Achimwene, pansi pa driveway mumadutsa gasi ndi mawaya a magetsi. Pikiyo ikakhudza pamenepo ndi maliro. Komanso musanakwirire, kampani ya madzi imayenera kudzaona kuya kwake, pokhapokha ntchitoyo agwire pulambala wovomerezeka, ngati a pa mndandanda wa WaterSafe. Kulumikiza ku mbali ya msewu ndi kwa kampani, osati inu. Masiku ano amagwiritsa mole, kachida koboola pansi ndi mphepo, amakumba maenje awiri kapena atatu okha, driveway osaswedwa. Mtengo ukhoza kudutsa mapaundi 1,000 kutengera kutalika.

Chikondi77: 1,000 yomweyo ndi yomwe munthu angapereke pa zaka zingapo za polise. Tsegulani akaunti, muziponyamo mapaundi 10 pamwezi.

Gogo_wa_ku_Luton: Mapaundi 10 pamwezi ndi 120 pachaka. Ikaphulika mwezi wachitatu muli ndi 30. Ndipo ku London 1,000 simungapeze munthu.

Mayi_Phiri_Mcr: Nanga ife a lendi?

Mfiti-za-mapaipi: Musalipire kalikonse, amayi. Mapaipi a madzi ndi udindo wa landilodi. Muwalembere uthenga mukaona chinyezi. A m'mafulati funsani oyang'anira nyumba.

Nachisale_Leeds: Yathuyi ndi terraced, zogundana zija. Zikusintha kanthu?

Mfiti-za-mapaipi: Kwambiri. Nyumba zakale zotere nthawi zambiri zimagawana paipi imodzi, ndipo mbali yogawanayo mumalipira limodzi ndi aneba. Chizindikiro chake: aneba akatsegula mpope, madzi kwanu amachepa mphamvu. Funsani ngati polise ikulipira paipi yogawana, ayankhe polemba. Pakadali pano yesani izi: tsekani stop tap ya pansi pa sinki, lembani manambala a pa mita ndi ofiira omwe, dikirani ola limodzi. Akasuntha, paipi ikudontha kale pakati pa mita ndi nyumba, ndipo polise yatsopano sidzalipira zimenezo.

Bambo_a_Tadala: Ngati mita ili panja. Ikakhala mkati mayesowo sagwira.

Nachisale_Leeds: Ifeyo mita tilibe n'komwe.