Ndalama ya sosho yatuluka usiku, analoleza ndani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndamaliza kulemba m'kaundula za Loweruka lapitali, ndipo pali nkhani yoti tiyambe kuiona pano tisanakumane. Thumba la sosho, lija timasonkha pa banki m'khonde yathu kuti tizithandizana pa zadzidzidzi, latsala ndi K27,000 basi. Pogawana mu December tinasiyamo K96,000. Chiyambire January tasonkha masabata 6, anthu 22, aliyense K500 pa sabata, ndiye K66,000. Zonse pamodzi K162,000. Zotuluka: chipepeso cha maliro a apongozi awo a Ambewe K30,000, shawa ya mwana wa amayi a pampando K58,000, Anankhoma K45,000, zochotsera pa Mpamba K2,000.

Nabanda: K45,000 ya Anankhomayo inatuluka pa msonkhano uti? Ine chaka chino sindinajombepo.

Msungichuma: Sinatuluke pa msonkhano, Anabanda. Lachinayi cha m'ma 11 koloko usiku Anankhoma anandigogodera, mwana ali kumbuyo, thupi lili moto, maso atatembenuka. Ndinaimbira amayi a pampando, sanayankhe. Ndinaimbira a mlembi, foni inali yozima. Ndalama ya sosho ili pa foni yanga chifukwa tinagwirizana tokha kuti isamakhale m'bokosi, poti bokosi limafuna makiyi atatu ndipo matenda sadikira Loweruka. Ndinatumiza K12,000 kwa wa kabaza, K33,000 ku chipatala. Mauthenga onse ali mu foni, sindinafufute ngakhale umodzi.

Nabanda: Malamulo athu akuti wogonekedwa m'chipatala K20,000. Palibe pamene analemba 45.

Mlembi: Ndi zoona, gawo 9 likutero.

Nabanda: Ndisamveke ngati ndikulimbana ndi mwana wodwala ayi. Mwanayo ndi wathu tonse, ndipo ndathokoza Mulungu kuti wachira. Koma mukumbukire sabata yoyamba ya January. Mayi anga amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Titapita ku chipatala anatiuza kuti atha, tikagule ku famase. Ndinaimirira pamaso panu kupempha K15,000 ya sosho. Munandiyankha kuti lamulo likunena wogonekedwa yekha, mayi anga sanagonekedwe. Ndinakhala pansi osatsutsa. Ndinatenga ngongole ya ku masheya ya 20 peresenti, ndabweza K18,000, yogulitsa nkhuku zanga ziwiri. Patangopita masabata awiri munatulutsa K58,000 ya shawa. Lero ndikumva za K45,000. Ndiye malamulowa amagwira kwa ndani? Kapena poti ine sindipemphera mpingo umodzi ndi a komiti?

Msungichuma: Za mpingozo musazilowetsemo chonde. Akanagogoda ndinu, ndikanachita chimodzimodzi.

Nabanda: Ine ndinagogoda masana, pa msonkhano, anthu onse akuona.

Nankhoma: Achemwali Anabanda, ndakumvani ndipo sindikukana kuti munalakwiridwa. Koma ndifotokoze zanga. Sitinathamangire ku chipatala cholipira chifukwa cha matama. Tinayamba ku chipatala chaching'ono cha boma. Tinapeza mlonda yekha, anati a chipatala aperekeza mayi wina woyembekezera pa ambulansi, sakudziwa kuti abwera nthawi yanji. Mwana anali atakomoka kawiri pa njira. Wa kabaza ndi amene anati tipitirire ku trading. Kumeneko sanamugwire mpaka titaonetsa uthenga wa ndalama. Anamupima, anapeza malungo, anamubaya jekeseni, tinagona komweko. Bambo ake ali ku Tete chiyambire November, sanatumize kalikonse. Ndikanapita kwa ndani usiku umenewo?

Nachisale: Pepani Anankhoma, ndifunse mwaulemu monga wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Mwanayo anayamba kutentha thupi liti?

Nankhoma: Lolemba madzulo.

Nachisale: Ndiye nkhani yanga ili pamenepo, ndipo si ya inu nokha, tonse timachita zimenezi. Lolemba mpaka Lachinayi mwana akumwa panado wa pa grosale. Panado amaziziritsa thupi koma malungo amakhala akukula mkati. Alangizi a zaumoyo amaona ana osakwana zaka zisanu m'mudzi mommuno. Amamubaya pa chala, pakapita mphindi zochepa zotsatira zatuluka, akapezeka ndi malungo amapereka mankhwala a LA, osalipira ngakhale tambala. Amamwa m'mawa ndi madzulo masiku atatu, kumaliza onse ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akanamuona Lachiwiri, bwenzi tilibe nkhani ya kabaza wa usiku ndi jekeseni. Miyezi ya mvula ino mwana akatentha thupi tisamadikire kuti tione mawa.

Nankhoma: Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali ku ganyu yobandira, achemwali. Mwini munda anati ndikajomba apereka ndime yanga kwa wina. M'nyumba munali ana ena atatu ndi ufa wa tsiku limodzi. Mwezi uno mukuudziwa.

Nachisale: Ndikuudziwa, ndipo sindikukuweruzani. N'chifukwa chake ndikuti tikhale ndi dongosolo. Wina akatanganidwa ndi ganyu, alembe pano, mnzake amutengere mwana kwa alangizi. Ine ndili pafupi, nditha. Komanso masikito aja tinalandira aulere, ndikuyenda m'mudzi ndikuwaona atakutira nazale za tomato, ena atchingira anapiye. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, tizifunsa ku sikelo ngati ana athu akuyenera kulandira. Klorini wothira m'madzi alangizi amagawa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, sitinaiwale. Zonsezi n'zaulere, koma tikazinyalanyaza zimadzatuluka mu sosho.

Ambewe: Ndilankhuleko monga wosunga kiyi. A msungichuma sanabe, tisapite kumeneko. Koma lamulo la K20,000 tinalilemba mu 2022. Mu May chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ine ndimatenga mbatatesi ku Lizulu sabata iliyonse, ndikudziwa mmene mtengo wa transipoti wasinthira. K20,000 ya nthawi imeneyo inkakwana kabaza, mankhwala ndi chakudya cha womudikirira. Lero kabaza yekha wa usiku wadya 12. Lamulo latsalira kumbuyo. Ngakhale chipepeso cha K30,000 chimene munandipatsa, ndikuthokoza, koma chinathera pa matabwa a bokosi.

Nabanda: Ngati latsalira tilisinthe tonse pa msonkhano. Munthu mmodzi asalisinthe usiku.

Ambewe: Pamenepo ndikugwirizana nanu.

Najere: Moni nonse kuchokera ku Joni. Ine masheya anga ndi sosho ndimatumiza pa Mukuru mwezi uliwonse osaphonya, ndiye ndili ndi pakamwa. Chimene chandidabwitsa si K45,000 ayi. Ndi K58,000. Shawa ndi ngozi? Ndi matenda? Tsiku lake limadziwika miyezi itatu lisanafike. Ikutuluka bwanji m'thumba la zadzidzidzi?

Wapampando: Anajere, nkhani ya shawa inadutsa pa msonkhano, anthu anakweza manja. Sindinadzitengere ndekha.

Nabanda: Tinakweza manja pa mphatso ya mapoto. A mlembi werengani.

Mlembi: Ndatsegula. Analemba motere: gulu ligule mapoto ndi mbale za K25,000 ngati mphatso. Za K33,000 yotsalayo palibe pamene zinalembedwa. Malisiti amene ndinalandira pambuyo pake ndi a zakumwa za m'mabotolo ndi kubwereka masipika.

Wapampando: Tsikulo anthu anachuluka kuposa mmene tinkaganizira. Akuchimuna anabwera ndi minibasi yodzaza. Zakumwa zitatha, amayi awiri a komiti anabwera kudzandinong'oneza kuti gulu lichite manyazi kapena tiwonjezere. Nonse munalipo, munavala yunifomu ya gulu, munavina, dzina la gulu linatchulidwa pa perekaniperekani. Palibe anafunsa kuti botolo lili m'manja mwanga lagulidwa ndi ndalama iti.

Najere: Sanafunse chifukwa ankaganiza kuti ndi za mwini shawa, amayi.

Gogo Naphiri: Akulemba ndi mdzukulu wawo, agogo akunena. Ana anga, ine ndinalowa gulu lino tikusonkha K50. Mwana wodwala uja musamuikenso pakamwa, a msungichuma anachita bwino kumupulumutsa. Za shawa ndinanena tsiku lomwelo kuti tiphike thobwa, munandiseka kuti n'zachikale. Chimera ndinali nacho, ufa aliyense akanabweretsa mbale imodzi, shuga paketi zingapo. Ndowa zitatu za thobwa zikanakwanira ngakhale minibasi ziwiri, otsala n'kutengera kunyumba. Zitumbuwa timatha kukazinga tokha. Nyimbo tili nazo pakamwa, ng'oma ili kwa anyamata a kwaya. Mabotolo aja ana anangomwa theka n'kusiya pansi pa mipando, ndinatola ndekha. Ndipo si shawa yokha. Chinkhoswe yunifomu, ukwati yunifomu ina, chiliza yunifomu inanso. Nsalu zadzaza m'masutikesi, pamene ufa mulibe. Ine ndikuti yunifomu ya gulu ikhale imodzi mpaka ithe.

Nachisale: Agogo anena zoona pa yunifomu. Chaka chathachi ndinagula zitatu.

Gogo Naphiri: Akuwonjezera. Akuti ngongole zambiri za February n'za ndiwo ndi makala. Amene anafutsa nkhwani ndi khwanya chaka chatha sanavutike mu October. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa, zitsononkho zomwe zimayaka, ndipo amayi oumba ali kutsidya kwa mtsinje konkuno. Akutinso pokolola gulu ligule chimanga chake chikadali chotsika, tisunge m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, osathira mankhwala, anankafumbwe salowa. Wodwala kapena woferedwa tizimupatsako ndowa ya chimanga pamwamba pa ndalama, chifukwa ndalama ikuchepa mphamvu koma ndowa ndi ndowa.

Ambewe: Ya chimangayo ndaikonda. Malo osungira ndili nawo, koma makiyi a chipindacho akhalenso atatu.

Msungichuma: Ndiyankhe Anabanda bwinobwino, chifukwa mawu awo andikhudza. Tsiku limene munapempha K15,000 ndine amene ndinawerenga gawo 9 mokweza. Ndinkaona kuti ndikuteteza thumba. Lachinayi lija lamulo lomwelo ndinalidumpha. Ndiye mukafunsa kuti limagwira kwa ndani, funso lanu lili m'malo. Chimene sindingavomere n'chakuti ndinakondera. Ngati gulu likuona kuti K25,000 yopitirirayo ndi mlandu wanga, lembani pa dzina langa, ndidzabweza pogawana.

Nankhoma: Ayi, a msungichuma asalipire za mwana wanga. K20,000 ndi ya lamulo. K25,000 ndibweza ndine. Ndikupempha chabe kuti isakhale ndi chiwongoladzanja, ndipo mundidikire mpaka May ndikakolola nyemba. Panopa ndilibe, ndisaname.

Najere: Ine ndavomera zimenezo.

Ambewe: Inenso.

Nabanda: Wopanda chiwongoladzanja, chabwino, sindikukana. Nanga K3,000 imene ndinapereka ine pa mankhwala a mayi anga? Matenda a mwana alibe chiwongoladzanja, a nkhalamba ali nacho?

Mlembi: K3,000 ija inalowa ku phindu la masheya, Anabanda. Kuitulutsa n'kovuta chifukwa ndi ya anthu 22 tsopano.

Nabanda: Anthu 22 omwewo ndi amene anandikana. Avomere kuti ibwerere.

Nachisale: Ine gawo langa ndalola. Ndipo tiganizire matenda okhalitsa, BP, shuga, mphumu, khunyu. Anthu amenewa sagonekedwa kawirikawiri, koma mankhwala akasowa sabata imodzi, mathero ake ndi kugonekedwa kapena maliro, ndipo pamenepo sosho imatuluka yambiri. Lamulo lilole ngongole yopanda chiwongoladzanja ya mankhwala, munthu akaonetsa buku la kuchipatala.

Wapampando: Ndawerenga zonse. K33,000 ya zakumwa ndi masipika ndibweza ine, K11,000 mwezi uliwonse kuyambira March. Amayi a komiti amene anandinong'oneza aja sindiwatchula, shawa inali ya mwana wanga. Koma ndipemphe chinthu chimodzi. Tisafike poti mwana wa membala akukwatiwa, gulu n'kukhala chete ngati silikumudziwa. Anthu amatilemekeza m'mudzi muno chifukwa timaoneka pa chisoni ndi pa chimwemwe pomwe.

Najere: Palibe akukana kuoneka, amayi. Zisangalalo zikhale ndi kaundula wake. Tsiku likadziwika, ofuna asonkhe mwezi umodzi lisanafike, zimene zapezeka ndi zomwezo, osakhudza sosho. Wosasonkha asanyozedwe.

Msungichuma: Ndiwonjezere za foni. Sindikufunanso kusunga ndekha nambala yachinsinsi. Ndalama ikafunika usiku, pakhale anthu atatu oti avomere, ndipo uthenga ulembedwe pano nthawi yomweyo, ngakhale nonse muli mtulo. Komanso tizichotsa kamodzi, chifukwa kuchotsa pang'onopang'ono ndi kumene kwadya K2,000.

Mlembi: Ndalemba zokavotera Loweruka, 2 koloko, kwa agogo Naphiri. Ngongole ya Anankhoma K25,000 yopanda chiwongoladzanja mpaka May. Kubweza kwa amayi a pampando K33,000. Kukweza ya wogonekedwa ndi chipepeso, Ambewe abwere ndi manambala. Ngongole ya mankhwala a matenda okhalitsa. Kaundula wa zisangalalo payekha ndi yunifomu imodzi. Chimanga cha gulu. Anthu atatu ovomereza ndalama ya usiku. Wochedwa faindi ndi K200 monga mwa nthawi zonse.

Nabanda: A mlembi, K3,000 yanga simunailembe.

Mlembi: Pepani, ndaiwonjezera.

Nabanda: Muiike koyambirira, tisadzafike pamenepo anthu atayamba kubalalika. Ndibwera ndi buku la kuchipatala la mayi anga kuti aliyense aone tsiku limene analemba kuti mankhwala atha.

Ambewe: Ndipo ngati tikweza ya wogonekedwa, K500 pa sabata sikwanira. Bwerani mutaganiza ngati mungathe K700.

Nankhoma: Mu February muno 700 ine sindingathe. Iyambe tikakolola.