Ana amene tawapezera owalera akubwerera kwawo miyezi itatu isanathe, tikuphonya pati?

Woteteza ana, dera la Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mwana timamuchotsa pakhomo chifukwa cha nkhanza, timamupezera agogo kapena amayi ake aang'ono, mafomu timalemba, onse amavomera. Koma ikangofika Januwale timamva kuti wabwerera komwe tidamuchotsa, wina walowa maganyu, mtsikana ndiye akuti wapezeka kwa mwamuna. Pali chomwe tikulumpha poyambirira penipeni?

Wa zachisamaliro cha anthu, Nsanje:
Achimwene, funso loyamba lisakhale lakuti ndani ali ndi mtima wabwino. Likhale lakuti pa mwambo mwanayu mawu ake ali ndi yani. Kuno kuchigwa cha Shire miyambo iwiri imayendera limodzi. Kwa Asena, lobola ikaperekedwa ana amawerengedwa a kuchimuna. Kwa Amang'anja wolamula ndi mwinimbumba, amalume. Mukamusiya mwana kuchikazi akuchimuna asakudziwa, pomwe ng'ombe kapena ndalama zidapita, adzabwera kudzamutenga, ndipo womulerayo sadzatsegula pakamwa chifukwa akudziwa kuti alibe poimira.

Ndiye mwana asanasamuke, khalitsani pansi mbali zonse ziwiri pamaso pa nyakwawa. Zomwe mwagwirizana zilembedwe: akhala kwa yani, mpaka liti, ndani angamuyendere, ndani saloledwa. Wochitira nkhanzayo asakhalepo pa msonkhanowo, ndipo ngati abale ake akumubisa, musawauze komwe mwana akupita. Apa mwambo umapereka mpata ku lamulo.

Chachiwiri ndi khothi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati mwana amene watengedwa kupita kumalo otetezeka akaonekere ku bwalo la ana pasanathe maola 48. Ambiri timangomaliza nkhani pa bwalo la mfumu poopa mtunda. Koma pepala la majisitireti ndi lokhalo lomwe gogo angaonetse munthu akabwera usiku kudzakoka mwana. Lijambulitseni katatu: lina kwa womulera, lina kwa mfumu, lina ku VSU, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya polisi yapafupi.

Woteteza ana, East Bank:
Ndikugwirizana ndi amayi pamwambapa, koma taonaninso mwezi womwe mwatchulawo. Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi ya njala. Banja lomwe lidamulandira mwana mu Juni nkhokwe ili ndi mapira si banja lomwelo chimanga chikakwera mtengo.

Funso lakuti "mukwanitsa kumusunga?" lisiyeni. Palibe amene angakane mwana wa mbale wake pamaso pa mfumu, manyazi amamuyankhira. Funsani zowerengeka. Pakhomopa mumadya anthu angati? Thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati? Chaka chatha mu Febuluwale munkadya kangati pa tsiku? Ndalama zimachokera ku dimba, ku nsomba, kapena ku ntchito ya nzimbe yomwe imatha nyengo yodula ikatha? Kenako lowani m'nyumba muone ndi maso anu pomwe mwanayo azigona. Pali mphasa yake? Chipindacho chili ndi chitseko kapena ndi nsalu chabe? Akugona moyandikana ndi anyamata akuluakulu? Kwa mtsikana amene adagwiriridwa, chimenechi chokha ndi chokwanira kukana nyumbayo.

China chomwe mafomu athu safunsa ndi madzi. Funsani komwe banjalo lidathawira nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Ngati lidakhala pa msasa wa pasukulu, dziwani kuti zikhoza kuchitikanso, ndipo pa msasa ndi pomwe mwana wolera amayamba kutayika, chifukwa polemba mayina olandira chakudya ena amangotchula ana obereka okha. Mu pulani lembanimo munthu wachiwiri wokhala kumtunda amene angamutenge madzi akasefukira, ndi nambala yake ya foni. Kuno Shire ndi Ruo zikadzaza, madera ngati Makhanga sufikako ndi njinga yamoto, ndiye ulendo waukulu wokamuyendera mwana uchitike Disembala isanafike.

Namwino, Chikwawa:
Mwana asamachoke chimanjamanja. Buku lake la kuchipatala lipite naye tsiku lomwelo. Ngati ali pa ma ARV, werengani mapilisi otsala, lembani tsiku lokatenga ena, ndipo mutengereni kalata yosamutsira ku chipatala cha kufupi ndi komwe akupita. Womulera mmodzi yekha ndiye auzidwe, osati mudzi wonse. Wochepera zaka 5 muyezeni mkono ndi tepi. Ikasonyeza pansi pa masentimita 11.5 ayambe chiponde cha kuchipatala mosachedwa. Ngati nkhani ndi yogwiriridwa, mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, ayenera kuyamba pasanathe maola 72, choncho chipatala chibwere patsogolo pa msonkhano uliwonse wa banja. Neti ya udzudzu ikhale yakeyake.

Ndipo chonde achenjezeni olerawo zisanachitike: mwana wovulala mumtima amakodza pogona ngakhale ali ndi zaka 10, amabisa nsima m'thumba, amangoti duu osayankha. Akapanda kuuzidwa amati ndi mwano, amamukwapula, mwana n'kuthawa.

Woteteza ana, dera la Ngabu:
Zikomo nonse. Nanga zoyendera? Mafuta sapezeka mwezi uliwonse.

Wa zachisamaliro cha anthu, Nsanje:
Mafuta omwe alipowo athereni koyambirira. Kamodzi sabata yoyamba, kenaka pakatha masabata awiri, kenaka mwezi ndi mwezi. Malo ambiri amasokonekera m'mwezi woyamba, mwana asanazolowere. Pakati pa maulendowo gawani maso: mlangizi wa zaumoyo, mayi mmodzi wa mother group (gulu la amayi la pasukulu), ndi mphunzitsi wamkulu amene akuimbireni mwana akajomba masiku atatu otsatizana. Kalata ya transfer ya kusukulu itengedwe sabata yomweyo, chifukwa mwana wokhala pakhomo tsiku lonse amasanduka wantchito.

Mukafika musamangokhala pakhonde ndi akuluakulu. Yendani naye mwanayo kupita ku mjigo, mufunseni adadya chiyani dzulo, amachapa zovala za yani, akuopa ndani. Muphunzitseni nambala ya 116, ya foni yothandiza ana, mpaka ailoweze. Ndipo ngati ali awiri kapena atatu a mimba imodzi, yesetsani kuti asasiyane. Wamkulu amathawa kukafuna mng'ono wake.

Woteteza ana, East Bank:
Kuonjezera pang'ono: ngati banja lolandira lili pa Mtukula Pakhomo, kauzeni a komiti ndi ofesi ya boma kuti pakhomopo pawonjezeka mwana, alowe m'kaundula. Dzina lake lilembedwenso m'buku la nyakwawa wa mudzi watsopanowo, chifukwa chithandizo cha njala chikabwera amayang'ana mmenemo.