Nextflow pa SLURM: -resume ikubwereza ntchito zomwe zinatha kale

Akuluakulu, ndithandizeni. Pipeline ya Nextflow (pulogalamu yoyendetsa ntchito motsatizana) ikuyendetsa BWA-MEM ndi GATK (mapulogalamu osanthula deta ya DNA) pa masampulo 96 pa SLURM (pulogalamu yogawa ntchito pa makompyuta ambiri), foda ya work ili pa NFS (malo osungira mafayilo pa netiweki). MarkDuplicates, gawo la GATK, imafa ndi exit code 137 pa 16 GB, kusonyeza kuti memory yaperewera. Izi n'zomveka. Chondisautsa n'chakuti ndikakweza memory ya MarkDuplicates yokha kufika 32 GB n'kuyika -resume (yomwe imayenera kudumpha ntchito zomwe zinatha kale), BWA-MEM imayambiranso pa masampulo onse pomwe ma BAM (mafayilo a zotsatira zake) alipo kale.

Ndikukayikira NFS, poti hash (chizindikiro chomwe Nextflow imadziwira ngati ntchito inachitika kale) imatengera dzina, kukula ndi nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza. Kodi cache 'lenient' (yomwe siyang'ana nthawiyo) ingathetse zimenezi osabweretsa vuto lina? Ya 'deep' (yomwe imawerenga zonse za m'fayilo) ndikuiopa, poti ma FASTQ (mafayilo a deta ya masampulo) ndi aakulu zedi. Amene munagwiritsapo -dump-hashes (yoonetsa ma hash a ntchito iliyonse), mumayerekeza bwanji ma run awiri?