Zomwe zatuluka pa nkhani ya inshuwalansi ya clinical officer wathu

Ndinafunsa kale ngati inshuwalansi yotiteteza wodwala akatisumira imagwira ntchito pamene clinical officer (wazaumoyo wophunzitsidwa kuona ndi kuchiza odwala, koma yemwe si dokotala) wa kakiliniki kathu kuno ku Chipata wang'amba chithupsa kapena wasoka bala dokotala palibe. Kampani yathu ya inshuwalansi yayankha tsopano.

Akuti amalipira pokhapokha ntchitoyo ili m'malire a laisensi yochokera ku Health Professions Council of Zambia, bungwe lopereka malaisensi kwa ogwira ntchito zaumoyo, ndipo pamenepo palibe chotsutsa. Vuto lili pa mawu ena m'pangano onena kuti ntchito zotere zichitike "moyang'aniridwa ndi dokotala". Kwa iwo, zikutanthauza kuti dokotala akhale m'nyumba momwemo. Ife dokotala wathu amabwera masiku ena okha, kwinako timamuimbira foni.

Kunena zoona, amene analemba zimenezi sadziwa mmene zipatala za kuno zimayendera. Ma clinical officer ndiwo amaona odwala ambiri m'makiliniki a ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi, ndipo ma medical licentiate (ma clinical officer omwe anapitiriza maphunziro), omwe ambiri anaphunzira ku koleji ya zaumoyo ya Chainama ku Lusaka, amachita ngakhale opaleshoni yobereketsa m'zipatala za m'maboma. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chipatala cha boma zikalakwika, mlandu umapita kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma. Ife apulaiveti timausenza tokha.

Pakadali pano kung'amba ndi kusoka tikuchita dokotala akakhalapo, ovulala kwambiri tikuwatumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata Central. Tapempha kuti alembe m'pangano dzina la clinical officer wathu ndi ntchito zomwe amaloledwa, ngakhale mtengo ukwere. Akakana, tikadandaula ku Pensions and Insurance Authority, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi.